Mbale Zinkabwera Zoyera

Ana anga, za ubwana wanga ku Dzoole ndazidumpha dala. Mbuzi zomwe ndinaweta ndi zikwapu zomwe ndinalandira kusukulu ya mishoni mwazimva kokwanira. Mutu uno ndi wa ntchito yanga, makamaka wa munthu mmodzi amene nonse mumamudziwa, koma simudziwa chifukwa chake anasiya kuponda pakhomo pathu. Amayi anu akuti nkhaniyi ndiisiye. Ine ndaona kuti ndikaisiya mudzaimva kwa anthu ena, ndipo adzaikhotetsa.

Ntchisi, nthawi ya chipani chimodzi

Nditamaliza maphunziro a zachipatala ananditumiza kukachipatala kakang'ono kumapiri a Ntchisi. Papepala ndinali wothandiza dokotala, koma kumudzi zimenezo kulibe. Ukangovala chijasi choyera ndiwe adokotala basi. Lole ya mankhwala inanditsitsa pamlatho, dalaivala n'kunena kuti kumtundako galimoto yake singakwere, ndipo kotsalako ndinayenda wapansi sutikesi ili pamutu. Kumeneko nkhungu imachedwa kuchoka ngati mlendo wopanda manyazi, ndipo m'miyezi yozizira zala zinkakanika kugwira jakisoni. Nyumba yomwe anandipatsa inkadontha pena paliponse. Ndinali wosakwatira, wodzimva, ndipo ndinkaganiza kuti zonse za m'thupi la munthu ndinazimalizira m'mabuku.

Mkulu wa pamalopo anali a Zimba, bambo wamfupi wadazi wochokera kumpoto. Pakamwa pawo panali powawa koma manja awo anali ofewa kwa odwala. Dzina langa sankalitchula, ankangoti "wa mabuku uja". Ndisanazolowere n'komwe, kunabwera bambo wina atagwira pachifuwa, akuti mtima ukumubaya ndipo wakhala ukutero chikololereni chimanga. Ndinali nditayamba kale kulemba zoti apite kuchipatala cha paboma pamene a Zimba anandilanda cholembera. Anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, anamupima kuthamanga kwa magazi, anamuyang'ana mapazi ngati atupa, kenaka anakoka mpando n'kuyamba kucheza naye ngati akumana pamsika. Anamufunsa ngati kuwawako kumabwera akamakwera phiri kapena akatha kudya, ngati kumakula akagona chagada, ngati m'kamwa mumabwera madzi owawasa. Bamboyo anati phirilo amalikwera ndi thumba la mbatatesi pamutu osamva kanthu, koma akangodya n'kugona pamkeka moto umayaka kuyambira pansi pa nthiti mpaka kukhosi.

Atatuluka ndi mapiritsi oyera otafuna aja, amene a Zimba ankawatcha choko, a Zimbawo anandikhazika pansi. Anati pachifuwa sipakhala mtima wokha. Kuseri kwake kumadutsa m'mero, njira ya chakudya, ndipo chifu chili pansi pake pomwepo. Asidi wa m'chifu akakwera kummero ndiye chilungulira chija, akadya khoma la chifu ndiye zilonda za m'mimba, nthawi zina ndi timiyala ta m'ndulu timene timalasa munthu akadya zamafuta, koma zonsezi wodwala amaloza pachifuwa. Anandichenjezanso kuti ndisadzayerekeze kunena kuti ndi m'mimba ndisanatsimikize kuti mtima uli bwino, chifukwa mtima ukavuta sudikira. Ndiye panali funso limodzi limene ankati ndisadzalidumphe ngakhale mzere wa odwala utafika kumsewu.

"Umufunse ngati chakudya chikutsika bwino. Akati chimaima panjira, usamupatse choko chathuchi n'kumuti azipita. Ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu."

Ndinakhala nawo zaka zingapo, ndipo n'kumeneko ndinakumana ndi amayi anu, amene ankaphunzitsa pasukulu ya kutsidya la mtsinje. A Zimba atapuma ntchito anabwerera kwawo. Uthenga wa imfa yawo unandipeza maliro ataikidwa kale, ndipo mpaka lero sindinaone pomwe anagona.

Chezi, matipate atayamba

Anandisamutsira kudera la Chezi inu muli aang'ono. Kumeneko ndinali mkulu ndekha, ndi namwino mmodzi, pakati pa midzi yosawerengeka. Zaka zimenezo mawu omwe ndinatchula kwambiri ndi akuti kulibe. Mankhwala a malungo kulibe, magolovesi kulibe, mafuta a ambulansi kulibe. Bwana wathu wa paboma anali mayi wodekha amene sindinamumvepo akukalipa, koma ukamupempha chinthu ankangotsegula chitseko cha sitolo n'kukuonetsa mashelefu, kuti mkwiyo wako uuthire pamatabwa. Sindinamude. Naye ankapempha kwa anzake a pamwamba n'kumabwerako chimanjamanja.

Nyengo yosankha fodya ikafika, odwala pachifuwa ankachuluka. Munthu walowa m'chigafa kusanache, m'mimba muli tiyi wakuda yekha, msana ukuwawa chifukwa chowerama, ndiye amatuma mwana kugolosale kukagula mapiritsi a ululu n'kumawameza ngati mtedza. Moto ukayaka pachifuwa amasungunula soda wophikira therere n'kumwa, ena mpaka madzi a phulusa. Amageya, amapeza bwino pang'ono, mawa n'kubwerezanso. Ndinalalikira za zimenezi mpaka pakhosi kuuma, kuti mapiritsi amenewo pamimba yopanda kanthu ndiwo amaboola chifu. Ena ankamva. Ena ankabwera atanyamulidwa pangolo, akusanza magazi. Nthawi zina kunkafikanso anthu a ku Dzaleka, othawa nkhondo kwawo. Ena mwa iwo chinali chilungulira ndithu, koma ena ndinkawapima paliponse osapeza kanthu, ndipo ndinkadziwa kuti chowawa chili m'zomwe maso awo anaona. Za amenewo mankhwala ndinalibe.

Dzoole, zaka zanga zomaliza pantchito

Nditatsala pang'ono kupuma, ndinapempha kuti andibwezere kufupi ndi kwathu, ndipo mwamwayi anavomera. Apa m'pamene ndinapezananso ndi a Gelisomu Chisale, mnzanga wa pabenchi imodzi kusukulu ya mishoni. Iwo sukulu anailekera panjira n'kugwira khasu, ndipo khasulo linawakonda: anamanga nyumba ya malata, anaphunzitsa ana, anakhala mkulu wa mpingo. Mukuwakumbukira, wamtali uja wa mawu a besi, amene akayamba nyimbo kutchalitchi mabenchi ankachita kunjenjemera. Loweruka masana ankabwera kwathu kudzasewera bawo. Ankaba njombwa ine ndikuona, ndikawagwira n'kumati maso a asing'anga a boma ayamba kukalamba. Munthu wina aliyense akananditcha sing'anga ndikanapsa mtima, koma iwo ndinkawasekerera.

Bambo awo anagwa m'munda n'kufera pomwepo, anthu n'kumati mtima. Choncho a Gelisomu atayamba kumva kuwawa pachifuwa anagamula okha mlandu, kuti matenda a kumtundu awapeza. Ndinawapima mosamala, kenaka ndinawatumiza paboma komwe kunali makina oyezera mtima, ndipo anabwerako ndi yankho loti mtima uli bwinobwino. Zomwe ankafotokoza zinali za chilungulira chenicheni: kutentha akatha kudya, madzi owawasa m'kamwa, kukanika kugona chagada. Ndinawaletsa mapiritsi a kugolosale ndi soda, ndinati azidya pang'onopang'ono, asamagone akangodya, aike njerwa kunsi kwa miyendo ya bedi ya kumutu. Ndinawapatsanso mankhwala ochepetsa asidi. Anaseka za njerwazo, akuti ndikufuna azigona ngati ali pamtsetse, koma anachita, ndipo anapeza bwino mpaka chaka chinatha.

Mvula itagwa anabweranso. Kuwawa kunali kutasintha. Sikunalinso kutentha kokha, ankati pali china chomwe chimakanikiza pakati pa chifuwa mpaka kumsana. Ndinawafunsa funso la a Zimba lija, ngati chakudya chikutsika bwino. Anandiyang'ana m'maso n'kuti chikutsika, ndipo ngati sindikukhulupirira ndikafunse amayi kunyumba ngati mbale imabwerera ndi kanthu. Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi ndinawafunsadi akazi awo, a Nankhoma, mayi wofatsa amene naye ndinkamuthandiza matenda a kuthamanga kwa magazi. Anandiyankha monyadira kuti abambo amadya bwino kuposa kale, mbale zimabwera zoyera ngati zotsuka.

Apa ndikufotokozereni, inu amene mumadyera pamodzi ndi akazi anu maso ali pakanema. Kunyumba kwa a Gelisomu ankasunga mwambo wakale. Mayi akaphika ankalowa ndi chakudya m'nyumba, kugwada, kusambitsa abambo m'manja, n'kutuluka kukadyera kukhitchini ndi ana aakazi. Bambo ankadya ndi ana aamuna. Koma anyamata a a Gelisomu anali atakula n'kupita kutauni, ndiye patebulo paja panatsala munthu mmodzi, chitseko chotseka. Sizinali nkhanza ayi, awiriwo ankakondana. Kungoti mayi kukhala n'kumayang'ana mwamuna wake akutafuna chinali chinthu chochititsa manyazi kwa onse awiri. Ine ndinakulira m'mwambo womwewo, ndipo yankho la a Nankhoma linandikhazika mtima pansi kwa kanthawi.

Koma thupi linkapita. Jekete lawo la kutchalitchi linayamba kulendewera, kolala ya shati inkazungulira khosi osalikhudza. Ndikanena, ankati mlimi wa fodya ndani amanenepa nyengo ino. Ndinawayeza shuga, chifuwa chachikulu, ngakhale matenda omwe anthu amaopa kuwatchula aja, ndipo zonse zinatuluka bwino. Ndinawauza kuti apite kuchipatala chachikulu cha mumzinda akawaunike kummero ndi kapaipi. Anati adzapita fodya akalowa kumsika. Ndinawauzanso, anati ukwati wa mwana wawo wotsiriza, Esitere, ukadutsa. Pabawo anasiya kuba njombwa, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa jekete lija.

Dzoole, chaka chomwecho, nyengo yodinda mabelo

Tsiku lina masana ndinatenga njinga n'kupita kwawo osawauza, nthawi yeniyeni ya chakudya. Ndinadzera njira ya kuseri, ya kuchigafa. Chomwe ndinayamba kuona ndi galu wawo, Bulaki, atakhala tsonga pansi pa windo la pabalaza. Kawirikawiri agalu a m'mudzi amaoneka nthiti, koma uyu anali wonona, ubweya ukuwala. Ndisanaganize kanthu, pawindo panatuluka dzanja lomwe ndinalidziwa, litagwira mbamu ya nsima. Galu anaiwakha. Dzanja linabwerera, linatulukanso ndi nthuli ya nkhuku. Ndinaima pomwepo nditagwira njinga, mtima wanga utasweka, chifukwa yankho la funso langa lija linali pamaso panga.

Ndinazungulira n'kuchita odi pakhomo. Ndinawapeza atakhala patebulo, mbale zili pafupi kuyera, kapu ya madzi ili m'manja. Anayamba zanthabwala, akuti asing'anga a boma ayamba kununkhiza nkhuku za anthu. Ine sindinaseke. Ndinakhala pampando n'kuwapempha kuti adye mbamu imodzi yokha ine ndikuona. Kenaka anatema kambamu kakang'ono, anakaviika mumsuzi, anatafuna mpaka kalekale, n'kumeza. Kanapita pang'ono n'kuima. Anadzimenya pachifuwa, anamwera madzi, maso anafiira, ndipo zonse zinabwerera m'kachitini komwe ankasunga kunsi kwa tebulo. Atapukuta pakamwa anandiuza kuti zinayamba nthawi yookera fodya. Poyamba inali nyama yokha, kenaka chilichonse cholimba. Chomwe chinkawasunga ndi tiyi, thobwa ndi phala la madzimadzi la m'mawa.

"A Phiri, mwaona zomwe mwaona," anatero motsitsa mawu. "Zithere m'nyumba muno."

Ndinawauza mosabisa zomwe ndinkaganiza, kuti m'mero mwamera chotupa ndipo mwina ndi khansa. Sanadabwe. Anati amalume awo anapita ndi matenda omwewo, anawaona ndi maso, ndipo kuchipatala chachikulu anangokatayako nthawi. Iwo ankafuna kudinda mabelo awo, kuperekeza Esitere kuguwa ali chiimire, zinazo Mulungu adzaona. Za a Nankhoma anati mayi ameneyu akangomva magazi ake athamanga, agwa iye asanagwe mwini matenda. Ndiye ananenanso china chomwe sindidzaiwala, kuti chikwatiraneni sanabwezepo chakudya cha mkazi wawo, ndipo sayamba lero kumuuza kuti zophika zake zikukanika kutsika.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti kuchiza mwina sikutheka, koma mumzinda amatha kuika kapaipi kummero kotsegula njira, munthu n'kumameza phala lolimbirako, mazira, mbatata yopota. Popanda zimenezo adzafa ndi njala nkhokwe zili zodzaza, ndipo ukwati akuunenawo sadzaufika. Vuto linali loti kuchipatala chachikulu munthu sagonekedwa yekha, pamafunika womudwazika, womusambitsa ndi kumuphikira. Wowadwazika anali a Nankhoma. Njira yopita kuchipatala inkadzera kukhitchini kuja, ndipo iwo anali atakhoma chitseko.

"Inu ndinu adokotala," anatero. "Za wodwala simuulula. Kapena lamulo lija limagwira kwa anthu achilendo okha?"

Ananena zoona. Zaka zonse za ntchito yanga ndinasunga zinsinsi za anthu, zina zolemera moti ndidzapita nazo kumanda. Ndinawapempha kuti anene okha, ndipo ndinawapatsa nthawi. Masabata anadutsa. Ndikakumana ndi a Nankhoma ankandilonjera mosangalala n'kumadandaula kuti abambo akuonda chonsecho akudya, mwina ndi ntchito, mwina ndiwapatse mavitamini. Tsiku lina anandiuza kuti apha tambala wawo womaliza kuti abambo abwezeretse thupi. Ndinabwerera kunyumba chakudya osachikhudza. Ndinaimbira foni bwana wanga wa paboma, dokotala wachinyamata waulemu, n'kumufotokozera osatchula dzina. Anati lamulo ndikulidziwa, munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wokana, ndipo iye sangandiuze kuti ndiliphwanye. Amayi anu nawo anati ndisalowerere za m'banja la eni. Aliyense ananena zoona, koma panalibe wina mwa iwo amene anaona dzanja lija pawindo.

Chomwe chinandimaliza ndi Lamulungu lina pamene a Gelisomu anaimirira kuti ayambe nyimbo. Mawu anatuluka osasa, anadzandira, n'kugwira benchi. Anthu anati ndi kutopa. Mawa lake ndinapita kwawo. Sindinafune kuchita zamseri, choncho ndinayamba kulowa m'nyumba n'kuwauza iwo eni kuti ndikupita kukhitchini kukauza alamu anga.

"Mukatero, achimwene, pakhomo pano musadzapondenso."

"Ndamva," ndinatero.

A Nankhoma ndinawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa khitchini akusenda mtedza wa paukwati. Anafuna kudzuka kuti anditengere mpando koma ndinawaletsa, ndinanjuta pomwepo. Mawu oti khansa sindinawatchule. Ndinangoti, alamu, abambo sakudya, chakudya chikukanika kutsika kummero, ndipo papita miyezi. Anaseka pang'ono n'kuti adokotala mwasokoneza, mbale amatsuka ndi iwo. Ndinawauza za pawindo. Anatembenuka n'kuyang'ana galu uja, amene anali atagona pamthunzi wa nkhokwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, manja akupitirizabe kusenda mtedza, makoko akugwera m'lichero momwemo mwa mtedza wosenda. Kenaka anaika lichero pansi, anamanga chitenje, n'kulowa m'nyumba osagogoda, osagwada. Zomwe anakambirana sindikuzidziwa. Ndinatenga njinga yanga n'kuikankha mpaka kunyumba, mphamvu yopalasa ndinalibe.

Miyezi yotsatira

Anapita kumzinda sabata yomweyo. Ambulansi inalibe mafuta, ndiye mwana wawo wamkulu anabwera ndi galimoto ya mnzake. Anadikira kumeneko nthawi yaitali, a Nankhoma akugona pansi pambali pa bedi, mpaka anawaunika n'kutsimikiza zomwe tinkaopa. Chotupacho chinali chitapita patali moti opaleshoni sikanatheka, koma kapaipi kaja anawaika. Anabwerako akumeza phala, nthochi, mazira ndi mbatata yopota. Mabelo anawadindira ndi akulu anzawo a mumpingo. Paukwati wa Esitere analipo, suti itamangidwa ndi mapini kumsana, ndipo anamuperekeza mwana wawo mpaka kutsogolo ali chiimire monga ankafunira. Ine ndinakhala benchi ya kumbuyo. Potuluka anagwira chanza aliyense amene anali pamzere, atafika pa ine anayang'ana kumbali n'kupitirira.

Zinakhala choncho mpaka kumapeto. Tsiku la mgonero, ngati mzere wathu wagwera iwo, ankapatsa mkulu wina mbale kuti atigawire. Abusa anayesa kutiyanjanitsa koma a Gelisomu anawayankha kuti alibe mlandu ndi munthu, angofuna mtendere. Ululu utakula ndinkatumiza mankhwala amadzi oletsa ululu kudzera mwa namwino wathu, ndipo ankalandira bola asamve kuti achokera m'manja mwanga. Kamodzi ndinaphwanya chiletso chawo n'kupita. A Nankhoma anandilowetsa. A Gelisomu anali gone pamatiresi pabalaza, atatha, ndipo atamva mawu anga anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pang'ono, ndinapemphera chamumtima, n'kutuluka. Anatisiya mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro ndinakhala pakati pa azibambo ngati munthu wamba wa m'mudzi, ndipo pamene ankatchula anzawo a malemu kuti aponye dothi, dzina langa silinamveke. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Masiku anga omaliza pantchito, a Nankhoma anabwera kudzatenga mankhwala awo a mwezi ndi mwezi, atavala zakuda. Ndinawapima, ndinalemba zolemba, koma pamene ankadzuka ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa ngati malemu ananenapo kanthu za ine asanapite. Ndikuvomera kuti ndinkayembekeza kamawu kozizira, ngakhale kabodza. Anakhalanso pansi n'kukonza duku lawo.

"Sindikunamizani, alamu. Sanakukhululukireni. Dzina lanu likatchulidwa ankatseka maso, mpaka tsiku lomaliza."

Ndinagwedeza mutu. Ndinaganiza kuti amaliza, koma anapitiriza, akuyang'ana manja awo.

"Koma ine chikwatiwireni ndinali ndisanadyepo nawo. Titabwerako kuchipatala ndinawauza kuti zotseka chitseko zatha. Ndinkaphika phala limodzi, mbale imodzi, iwo supuni yawo ine yanga. Poyamba ankachita manyazi, kenaka ndikachedwa ankandiitana. Mukanasunga pakamwa, bwenzi nditawaika m'manda ndikunyadira kuti amamaliza chakudya changa."

Anatenga mankhwala awo n'kutuluka. Panja panali mzere wa odwala, ndipo namwino anasuzumira kufunsa ngati alowetse wina. Ndinamuuza kuti adikire kaye.

Lamulo la ntchito yanga ndinaliphwanya kamodzi kokhako, ndikudziwa chomwe ndikuchita, ndipo mwa inu amene ali pantchito ya chipatala sindikumuuza kuti adzatengere ine. A Nankhoma anapeza miyezi yawo, Esitere anaperekezedwa ndi bambo ake. Ine mnzanga anapita ali chikwiyire, ndipo mpata womupepesa kapena womutsutsa sudzapezekanso.